Chifukwa chake ana athu aziwerenga Macbeth mokweza

Aliyense amene anadutsa ku sekondale kuno kwathu amadziwa mantha amene phunziro la Chingerezi limabweretsa. Ukhoza kuswa masamu, agriculture ndi biology n'kukhoza bwino lomwe, koma ukangopeza 9 pa Chingerezi, satifiketi ya MSCE suyiona. Fizi ya zaka zinayi, mbuzi zomwe makolo anagulitsa, zonse zathera pa pepala limodzi. N'chifukwa chake buku lililonse limene lili pa silabasi ya literature mwana amaliyang'ana ndi diso la mayeso basi, ndipo sewero la William Shakespeare lotchedwa Macbeth limalowa m'kalasi pakati pa mantha amenewa.

Mwana wa achemwali anga ali fomu 4. Pa holide yapitayi anandionetsa pamfuleti yomwe amagawana pa WhatsApp: tsatanetsatane wa nkhani m'masamba owerengeka, atengambali ndi makhalidwe awo, mfundo zazikulu, kenako mafunso a zaka zam'mbuyo ndi mayankho ake okonzeratu. Waloweza zonse. Mukamufunsa za Macbeth akuuzani mosajejema kuti ndi msilikali wolimba mtima, wolakalaka udindo, wosachedwa kunyengedwa. Koma sewero lenilenilo sanaliwerengepo kuchoka poyamba kukafika pomaliza, ndipo akuti anzake ambiri ali chimodzimodzi. Mwanayo sindikumuda. Aphunzitsi akenso sindikuwada, poti kuchuluka kwa ana m'kalasi ndi kuchepa kwa mabuku ndikukudziwa bwino. Chikundiwawa n'chakuti Chingerezi chimene ndimadyera lero, mbali yaikulu ndinachiphunzira m'sewero lomweli, ndipo sindikanachiphunzira mu pamfuleti. Kuloweza pamfuleti kuli ngati kununkhiza ndiwo za kwa aneba n'kumati wadya.

Sukulu yathu inali CDSS yakumudzi. Mabuku a Macbeth analipo ochepa moti tinkaunjikana pa desiki, mitu pamodzi, wina akuona zilembo chadodolido. Zikuto zinali zitatha kalekale, masamba ena omata ndi selotepi, ndipo m'mphepete munali todzilembera ta omwe anatsogola. Aphunzitsi athu anali bambo wachikulire amene anayamba kugwira choko m'nthawi ya chipani chimodzi. Lamulo lawo linali limodzi: buku ili analilembera pakamwa ndi makutu, choncho tiliwerenga mokweza. Ankagawa mbali. Iwe ndiwe Duncan, iwe Banquo, atatu inu afiti, bwerani kutsogolo.

Masabata oyamba anali ovuta. Lilime linkakana. Mawu ngati thee, thou ndi hath ankatiseketsa, ndipo nthawi zambiri munthu ankafika kumapeto kwa tsamba osamva kanthu. Koma bamboyu sankathamanga. Wina akawerenga mizere ingapo, ankakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Wanena chiyani munthuyu? Ndiuzeni m'Chichewa." Pasukulupo panali lamulo loletsa vernacular, ndipo kunja kwa kalasi ukagwidwa unkakalima kumunda wa sukulu, koma m'piriyodi imeneyi iwo ankalimasula lamulolo. Tikagwirizana m'Chichewa, ankati, "Chabwino. Tsopano nenani zomwezo m'Chingerezi chanu, cha lero." Tikanena, ankatilembetsa m'kope m'chiganizo chimodzi chokha. Pa nthawiyo sitinkaganizako n'komwe zoti comprehension ndi summary ndi zimenezi. Tinkangofuna kudziwa ngati mfumu iphedwedi.

Phunziro limene linandikhala kwambiri ndi la Act 1, scene 7. Mfumu Duncan yafika ku nyumba ya Macbeth ku Inverness, ikudya, ili yosangalala. Macbeth wachoka pa tebulo ndipo akulankhula yekha. Aphunzitsi anadula bolodi pakati ndi choko, mbali ina analemba dzina la mwamuna, ina la mkazi, n'kutiuza kuti tifufuze zifukwa zonse zimene Macbeth akudzipatsa zoti asaphe mfumu. Tinazitola chimodzichimodzi. Akuti ukaphunzitsa anthu kukhetsa magazi, phunzirolo limabwerera kwa iwe mwini. Akuti Duncan ndi mbale wake. Ndi mfumu yakenso. Ndi mlendo wake, ndipo mwini nyumba ayenera kutsekera kunja wachiwembu, osati iye yemwe kunyamula mpeni. Mtsikana wina atamva apa anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Kwathu mlendo timamuphera nkhuku, uyu akufuna kupha mlendoyo." Palibe anaseka. Chifukwa china, Duncan walamulira mofatsa, alibe mlandu. Ndipo pomaliza Macbeth akuvomereza yekha kuti chomukankha palibe kupatula kulakalaka mpando. Mkazi wake atangotulukira, iye akumuuza kuti nkhaniyi ithere pomwepa.

Mizere makumi ochepa chabe kutsogolo, munthu yemweyo watsimikiza zopha. Chachitika n'chiyani? Aphunzitsi anati tilembe mbali inayo ya bolodi mayankho amene Lady Macbeth wapereka pa zifukwa zija. Tinasakasaka. Pa nkhani ya ubale wayankha chiyani? Palibe. Pa za mlendo? Palibe. Pa za kufatsa kwa mfumu? Sanakhudzeko. Mbali ija inakhala yoyera. Zimene mayiyu wachita n'zina: wamufunsa mwamuna wake ngati anali ataledzera pomwe ankalonjeza, wamuuza kuti chikondi chake achiyezera pomwepa, wamutcha wamantha, wamuuza kuti anali mwamuna pa nthawi yomwe anali ndi mtima wochita. Kenako Macbeth akufunsa funso laling'ono kwambiri, loti nanga zikakanika. Aphunzitsi anaima pamenepo nthawi yaitali. Anatifunsa kuti funso la poyamba linali lotani. Linali loti kodi n'koyenera. Nanga tsopano? Loti kodi zitheka. Munthu wagonja kale asanadziwe, ndipo chotsala ndi pulani yokha: kuledzeretsa alonda awiri a mfumu, kenako kuwakankhira mlandu.

Anyamata tonse m'kalasimo mawu oti "ndiwe mwamuna iwe?" tinkawadziwa. Ndi mawu amene amamwetsa mwana mowa koyamba kuseri kwa golosale, ndi omwenso amayambitsa ndewu pa bwalo la mpira. Koma kunali koyamba kuwaona atagonekedwa pa bolodi, n'kuona ndi maso kuti mulibe mfundo m'kati mwake. Kuchokera tsiku limenelo, ndikamamvera munthu wondikopa, kaya ndi wandale pa msonkhano, kaya ndi uja wa bizinesi yolowetsa anzako kuti ndalama zibereke, ndimafunsa kaye ngati wayankha funso langa kapena walisintha. Ndipo ndikamalemba lipoti ku ntchito, ndimaona ngati chifukwa chilichonse chaima pachokha. Luso limeneli ndi lomwe limafunika pa composition ya mtsutso, ndipo ine ndinalitola pakamwa pa Lady Macbeth.

Kenako kunabwera mkangano umene kalasi iliyonse yowerenga seweroli imakhala nawo: wolakwa ndani? Anyamata ambiri anathamangira kwa mkazi. Ena anati afiti. Phokoso linakula mpaka a kalasi yoyandikana anasuzumira pa windo. Aphunzitsi analola aliyense kulankhula, koma ndi lamulo lakuti ukanena kanthu utchule act ndi scene. Ukati "ndikuganiza kuti," iwo ankati, "Tsegula buku, tisonyeze." Apa m'pomwe atsikana anatigwetsa. Anatsegula Act 3 n'kusonyeza kuti pokonza zopha msilikali mnzake Banquo, Macbeth sanamuuze mkazi wake, ndipo mkaziyo atafunsa anauzidwa kuti asadziwe kaye. Anatsegula Act 4 pomwe mkazi ndi ana a nduna ina, Macduff, akuphedwa popanda phindu lililonse kwa wina aliyense, n'kufunsa kuti Lady Macbeth ali kuti apa. Palibe. Tikadzamuonanso mu Act 5 akuyenda m'tulo, akupukuta m'manja magazi amene ena sakuwaona, dokotala ndi mdzakazi atabisala pambali. Mwamuna wake wapitiriza yekha.

Za afiti zinatitengera masiku. Nkhani ya ufiti kwa ife sinali yachilendo ngati mmene ingakhalire kwa mwana wa ku London, ndipo ambiri tinkakhulupirira kuti Macbeth anamulodza basi. Aphunzitsi anati tipeze mzere pomwe afiti akumuuza kuti aphe. Mzerewo kulibe. Iwo angomulonjera ndi maudindo atatu: wa Glamis umene ali nawo kale, wa Cawdor umene wapatsidwa koma sanamve, ndi ufumu. Banquo anali pomwepo, nayenso anauzidwa kuti ana ake adzakhala mafumu, koma sanasolole mpeni. Ganizo lopha linatuluka mwa Macbeth mwini, ndipo linamuopsa iye yemwe litangotuluka.

Ndikamakumbukira phunziro limeneli masiku ano mtima umandilemera, chifukwa nkhani yake tili nayo pakhomo. Abale athu achialubino akhala akuphedwa ndi anthu amene anauzidwa kuti alemera. Wolonjeza alipo, ndipo mlandu ali nawo, koma dzanja logwira chikwanje ndi la munthu amene anamva lonjezo n'kusankha yekha. Mbali inayo ya nkhani yomweyi ndi agogo amene amanamiziridwa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, koma m'midzi yathu kutchulana sikunathe. Ku Scotland nakonso zinachitika. Mu 1590 ku North Berwick kunayamba milandu ya anthu amene ankati anautsa namondwe panyanja kuti amize sitima ya mfumu James pochokera ku Denmark ndi mkazi wake watsopano. Mfumuyo inakhala nawo pa kufunsa ena mwa oimbidwa mlanduwo. Mzamba wina, Agnes Sampson, anazunzidwa mpaka anavomera, n'kuphedwa mu 1591. Mu 1597 James analemba buku lonse la za ufiti. Mwana wa ku Neno kapena ku Karonga akamva izi, afiti atatu aja samawaonanso ngati zokometsera sewero.

James yemweyu ndi amene anakhala mfumu ya England mu 1603, ndipo chaka chomwecho anatenga gulu la zisudzo la William Shakespeare kukhala lake, n'kumatchedwa King's Men. Macbeth analembedwa cha m'ma 1606, patangopita nthawi yochepa chiwembu chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ndi mfumu yomwe chitalephereka mu Novembala 1605. Sewero lonena za kuipa kopha mfumu linali la pa nthawi yake. Koma chimene chinatidzidzimutsa n'chakuti Macbeth weniweni analiko, ndipo sanali ngati wa m'bukuyu. Analamulira Scotland zaka 17, kuyambira 1040 mpaka 1057. Duncan weniweni sanali nkhalamba yofatsa yophedwa ili m'tulo. Anali munthu wachinyamata amene anafera ku nkhondo pafupi ndi Elgin. Mu 1050 Macbeth anapita ulendo wachipembedzo ku Rome, zomwe mfumu yokhala mwamantha singayerekeze. M'buku la mbiri la Holinshed, momwe Shakespeare anatengamo nkhaniyi, Banquo anathandiza nawo kupha Duncan. M'sewero wayeretsedwa. Chifukwa chake n'chosabisika: James ankadziwerengera kuti ndi mdzukulu wa Banquo.

Ena angaone ngati izi zikuchepetsa seweroli. Kwa ine zinalikuza, ndipo zinandiphunzitsa kufunsa pa chilichonse cholembedwa kuti wolemba akudya kwa yani, nanga akuopa yani. Aphunzitsi athu funso limeneli ankalidziwa ndi thupi lawo. Anakula pansi pa lamulo la 1968 la Censorship and Control of Entertainments, pomwe sewero lililonse loonetsedwa pagulu, ngakhale la ana asukulu a mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi, linkayenera kudutsa kaye m'manja mwa bodi younika. Ankakumbukira pomwe mlakatuli Jack Mapanje anatengedwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Pali scene ina yaifupi, Act 3, scene 6, imene mapamfuleti ambiri amaidumpha kapena kuipatsa mzere umodzi. Nduna ina, Lennox, ikucheza ndi nduna inzake. Ukawerenga mothamanga umaona ngati akuyamikira Macbeth: akuti zinthu zayenda modabwitsa, Duncan anamveredwa chisoni ndi Macbeth n'kufa, Banquo anayenda usiku kwambiri, anthu asamayende usiku, ndipo Macbeth anachita bwino kupha alonda aja mwaukali. Mnzathu amene ankawerenga mbaliyi anaiwerenga mosalala. Aphunzitsi analanda bukulo, n'kuyandikira mnyamata wina wa kutsogolo, n'kuwerenga mawu omwewo motsitsa, uku akucheukira ku chitseko. Kalasi yonse inamva nthawi yomweyo kuti munthuyu akutanthauza zosiyana ndi zimene akunena. Atatha anatseka buku n'kutiuza kuti umu ndi mmene anthu ankalankhulira m'basi ndi m'staff room iwo ali anyamata, munthu akasowa: umangoti anayenda usiku. Anatikumbutsa kuti m'scene ina yapitayo Macbeth wanena kuti m'nyumba ya nduna iliyonse ali ndi wantchito wake wolipidwa womubweretsera nkhani. Sanawonjezere kanthu. Ife tinabadwa mochedwa kuti tizione zimenezo, koma madzulo ake ndinakafunsa bambo anga, ndipo anandifotokozera zinthu zimene anali asanandiuzepo.

M'mabuku a galamala mulibe tsamba lophunzitsa kumva mawu okuluwika m'Chingerezi. M'Chichewa timatha, tinakulira m'zining'a ndi mikuluwiko, ndipo mwana wa zaka khumi amadziwa azakhali akamayamikira mokunyoza. Koma m'chiyankhulo chachiwiri munthu umakhala wogontha pa zoterezi kwa nthawi yaitali, umangomva pamwamba. Sewero ndi limene limatsegula khutu limenelo, pokhapokha likamveka ndi mawu a munthu.

Scene imene inatigwira mtima koposa ndi ya Macduff, mu Act 4, scene 3. Iye wathawira ku England kukafuna thandizo, wasiya banja ku Fife. Ross, nduna inzake, wafika kuchokera kumudzi ali ndi uthenga woti mkazi wa Macduff, ana ake ndi antchito onse aphedwa. Macduff akufunsa za mkazi wake, Ross akuti ali bwino. Za ana, ali bwinonso. Akufunsanso, Ross akuti pomwe amachoka anali pa mtendere. Akuzungulira, akukamba za nkhondo, mpaka Macduff akuyamba kuzindikira yekha. Apa panalibe chofotokozera. Tonse tinaonapo munthu atafika pa njinga m'mamawa, n'kukhala pansi, n'kunena kuti matenda akula kumudzi, mufulumire, pomwe anthu ayamba kale kusema bokosi. Ndipo uthenga utatuluka, Macduff sakulankhula zazitali. Wakokera chipewa kumaso. Akungobwereza kufunsa ngati ndi onse, ngati ndi ana omwe, ngati mkazi wakenso, ngati kuti akafunsa kachiwiri yankho lisintha.

M'kalasi mwathu ana amasiye anali ambiri. Inali nthawi imene matenda aja anali atalowa pafupifupi khomo lililonse. Mnyamata amene ankawerenga mbali ya Macduff anali ataika mayi ake teremu yapitayo. Atafika pa mafunso obwerezabwerezawo mawu anamuthera. Anaima ndi buku m'manja, ndipo aphunzitsi sanamuuze kuti akhale pansi, sanapatsenso wina mbaliyo. Tinadikira. Kenako anapitiriza, n'kufika pomwe Malcolm, mwana wa Duncan, akumuuza kuti alimbe ngati mwamuna, ndipo Macduff akuyankha kuti atero, koma ayeneranso kumva ululuwo ngati mwamuna. Mawu omwe aja amene Lady Macbeth anakankhira nawo mwamuna wake kukapha abweranso, koma tsopano munthu wina wawatembenuza. Mtsikana wina ndi amene anazindikira kulumikizana kumeneku, osati aphunzitsi, ndipo anakuwa asanakweze dzanja.

Aristotle, katswiri wa ku Greece amene anakhalako zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, analemba kuti sewero lotere limadzutsa chisoni ndi mantha mwa oonera, n'kuwatsuka mtima. Ana amaloweza zimenezi, ndipo n'zoona. Koma munthu sungadziwe chimene mkuluyu ankanena ngati chisonicho sichinakugwirepo. Ndipo chodabwitsa cha seweroli n'chakuti chisoni china chimapita kwa Macbeth yemwe. Tamumva akulankhula yekha kuyambira pachiyambi, tikudziwa kuti ankadziwa chabwino. Pomwe akuuzidwa kuti mkazi wake wafa, alibenso misozi, akungoti moyo ulibe tanthauzo. Munthu amene anayamba ndi ulemu wa dziko lonse wafika poti ukalamba wake sudzakhala ndi abwenzi, ndipo akunena yekha.

Tsopano otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindizipeputsa. Amati mwana amene sangathe kulemba kalata yofunsira ntchito mukumusenzetsa Chingerezi cha zaka 400 zapitazo, chimene ngakhale eni ake amachiwerenga ndi mawu ofotokozera m'munsi. N'zoona. Ambiri a ife Chingerezi chinakhala chiyankhulo chophunzirira titafika sitandade 5, kunyumba sichilankhulidwa, ndipo mwana amafika fomu 3 asanamalizepo buku lililonse la nkhani. Amatinso bwanji osawerenga za kwathu. Apanso ndikuvomereza, ndipo ndikanakonda mwana aliyense akanakumana ndi The Rainmaker ya Steve Chimombo, yochokera pa nkhani ya Mbona wa ku Khulubvi ku Nsanje, n'kuiika pambali pa Macbeth kuti aone mmene kulimbirana mphamvu kumaphera munthu kuno ndi uko. Koma sindivomereza zoti yankho n'kuchotsa chovuta. Chiganizo chovuta ndi chimene chimakakamiza mwana kufunafuna mneni, kupeza wochita, kubweza mawu m'malo mwake. Ukamasula chiganizo cha Shakespeare chimene mneni wake wabisala kumapeto, ndime ya comprehension ya pa mayeso imakhala yopepuka. Chimene chimapha ana si kuvuta kwa buku, koma kuwasiya okha nalo, kapena kuwapatsa chidule m'malo mwake.

Komanso ku Africa kuno anthu sanadikire chilolezo kuti masewero a Shakespeare akhale awo. Julius Nyerere, ali mtsogoleri wa dziko, anamasulira Julius Caesar m'Chiswahili ndipo linatuluka mu 1963. Ku South Africa, Welcome Msomi anasamutsira nkhani ya Macbeth pakati pa Azulu mu 1970, n'kuitcha uMabatha, ndipo inakaonetsedwa mpaka ku London. Kuno kwathu Stanley Onjezani Kenani anaika Romeo and Juliet m'Chichewa. Choncho mphunzitsi amene akulola ana kukambirana scene m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao asanalembe m'Chingerezi sakuononga phunziro. Mwana sangalembe bwino m'Chingerezi ganizo limene sanaligwire m'chiyankhulo chilichonse. Lamulo loletsa vernacular lili ndi cholinga chabwino, chofuna ana azolowere kulankhula, koma likalowa m'phunziro la literature limatseka pakamwa ana omwe ali ndi zonena zambiri, n'kusiya atatu kapena anayi a kutsogolo akuyankha okha chaka chonse.

Ndikudziwa kuti mphunzitsi wa lero ali ndi silabasi yoti amalize, mabuku ena a literature akudikira, note-making ndi galamala zikudikiranso, ndipo ahedi akufuna zotsatira. Koma tiyeni tiwerengere. Macbeth ndi lalifupi pa masewero onse othera m'chisoni amene Shakespeare analemba. Pa siteji limatha m'maola awiri ndi pang'ono. Ngakhale muliwerenge pang'onopang'ono, moima n'kumafunsana, limakwana mu teremu imodzi popanda kuphwanya maphunziro ena, makamaka ngati chiganizo chimodzi chija cha m'kope chikuwerengedwa ngati ntchito ya summary, ndipo mkangano wa wolakwa ndani ukusanduka composition ya sabata imeneyo. Si ntchito yowonjezera. Ndi ntchito yomweyo, yochitikira pa nkhani imene ana akufuna kudziwa mathero ake.

Vuto la mabuku nalo lili ndi pothawira. Seweroli linasindikizidwa koyamba mu 1623, palibe amene ali ndi umwini wake, ndipo mawu ake onse ali pa intaneti mwaulere. Foni yomwe ikulandira pamfuleti ingathe kulandira sewero lonse. Sukulu imene ili ndi makina a fotokope ingathe kusindikiza scene za sabata imeneyo zokha, pepala limodzi pa desiki. Makomiti a makolo amene amasonkha ndalama za mayeso a mock angathe kupatulako pang'ono za mapepala amenewa. Ndipo kalabu ya drama, imene pafupifupi sukulu iliyonse ili nayo, ingathe kutenga Act 1, scene 7 ndi Act 4, scene 3 n'kuzionetsa pa asembule Lachisanu, zitenje zikhale mikanjo, ndodo zikhale malupanga, a fomu 1 ndi fomu 2 aonere nawo kuti podzafika fomu 3 akhale atamumva kale Macduff akufunsa za ana ake.